Musanalipire munthu wa webusaiti, tengani kaye kope ndi cholembera

Alamu anga amaphika makeke ku Area 25, a birthday, a chinkhoswe, a bridal shower, zonsezo, ndiye tsiku lina anandipeza nkundiuza kuti alamu ndikufuna webusaiti, anthu akumanena kuti bizinesi yopanda webusaiti imaoneka ngati yamasewera. Ine ndinangowafunsa funso limodzi, kuti chabwino webusaitiyo yapangidwa, munthu waitsegula pa foni yake, ndiye achite chani? Anakhala kaye chete kenako nkuti aone makeke. Ndinati akawaona? Anaseka. Apa mpamene ambiri timaphonyera, timathamangira kukafuna mnyamata wodziwa kompyuta, kukambirana mitundu ndi logo, koma sitinaganize nkomwe kuti chinthucho ntchito yake ndi yotani.

Ndiye choyamba chimene tinachita sichinafune ndalama ngakhale tambala. Tinatsegula WhatsApp yawo nkuyamba kuwerenga mameseji a makasitomala a mwezi wathunthu, ine ndili ndi kope ndikulemba funso lililonse limene munthu anafunsa. Mudzadabwa, mafunso ake ndi omweomwewo basi. Zingati? Muli pati? Mumabweretsa kunyumba? Ndilipire bwanji? Keke ya Loweruka ndingaode liti? Wina anafunsa ngati amapanga keke yopanda mazira, wina ngati angatumize ku Salima osaphwanyika, koma asanu oyambawo anabwera mobwerezabwereza mpaka tsamba la kope kudzadza. Mayankho a mafunso amenewo ndiye webusaiti yanuyo. Kaya mumasoka, kaya mumakonza mafoni, kaya muli ndi ka lodge ku Nkhata Bay kapena mumagulitsa anapiye, chitani zomwezi. Ngati bizinesi ndi yatsopano zedi moti mulibe mameseji oti muwerenge, pitani pa peji ya Facebook ya munthu wochita geni yofanana ndi yanu muwerenge makomenti, mafunso ali pomwepo ndipo ambiri ake sanayankhidwe nkomwe.

Mukatero sankhani chinthu chimodzi chimene mukufuna munthu achite akamaliza kuwerenga. Chimodzi, osati zisanu. Kwathu kuno malonda ambiri amathera pa WhatsApp kapena pa kuimba foni, palibe chifukwa chonamizira kuti tili ku London komwe munthu amadina nkulipira ndi khadi osalankhula ndi aliyense. Kasitomala wa kuno amafuna amve kaye kuti kuseli kuli munthu, anenerere pang'ono, afunse ngati pinki angasinthe ikhale golide. Ndiye batani lalikulu pa webusaiti likhale la WhatsApp. Kupanga linki yake nkosavuta, mumalemba wa.me/265 kenako nambala yanu mutachotsa ziro woyambirira uja, osasiya mipata, munthu akadina imamufikitsa mu chat yanu ngakhale sanasunge nambala yanu. Linki yomweyo ikhoza kubwera ndi mawu olembedwa kale monga "Moni, ndikufuna kuoda keke", zimene zimakuthandizani kudziwa kuti uyu wachokera pa webusaiti. Anzathu a ku Zambia ikani 260 mmalo mwa 265, a ku Mozambique 258. Ndipo gwiritsani WhatsApp Business, ndi yaulere, ili ndi malo oika katundu ndi mitengo komanso maola otsegulira.

Tsopano nkhani imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse, foni ya kasitomala wanu ndi bandulo yake. Munthu wopanga webusaiti amakuonetsani ntchito yake pa laputopu yaikulu, ali pa WiFi, zithunzi zikuyenda zokha, vidiyo ikusewera kumbuyo, inu nkuti eee zabwino bwanji. Koma kasitomala wanu ali mu minibasi pa Mchesi, foni yake ndi ka Itel kapena Tecno kakale kamene memory inadzadza kalekale, netiweki ikubwera nkumapita, ndipo nthawi zambiri bandulo imene wagula ndi ya WhatsApp kapena Facebook yokha, imene singatsegule webusaiti, ndiye kuti atsegule linki yanu akudya ka data kochepa kamene amasungira zofunika. Peji ikangokhala yoyera masekondi angapo, watseka, ndipo sabweranso. Chimene chimalemetsa webusaiti kwambiri ndi zithunzi. Chithunzi chochokera pa foni chimakhala 3MB mwina mpaka 5MB, muike khumi pa peji imodzi mwamudyera munthu 40MB asanaone nkomwe mtengo. Chithunzi chomwecho mutha kuchichepetsa kufika pansi pa 200KB maso osaona kusiyana pa foni, pali ma webusaiti a Squoosh ndi TinyPNG, onse aulere, mumangoponyamo chithunzi nkutenga chopepukacho. Vidiyo yosewera yokha ikaneni. Zithunzi zosinthanasinthana pamwamba zija zikaneninso, palibe amadikira kuti aone chachitatu. Nyimbo yoyamba yokha munthu akatsegula, ayi ndithu, mwina ali mu tchalitchi.

Kuyesa kwake musadalire mawu a wopanga. Bwerekani foni yotchipa kwambiri imene ili pakhomopo, zimitsani WiFi, tulukani panja mutsegule. Kenako mpatseni munthu amene sadziwa kalikonse za webusaitiyo, ife tinapatsa agogo a ana, nkuwauza kuti tapezani mtengo wa keke ya ukwati ndipo muwatumizire uthenga eni ake. Inu khalani chete, osawathandiza, muzingoona pamene chala chikusokera. Agogo anakanika kupeza batani chifukwa linali pansi penipeni ndipo linali lofanana mtundu ndi kumbuyo kwake, tinalikweza nkulipanga lobiriwira. Palinso PageSpeed Insights ya Google, mumaikamo linki nkukuuzani chimene chikuchedwetsa, koma agogo anatiphunzitsa zambiri kuposa iyo.

Mapeji angati? Kwa bizinesi yoyamba kumene peji imodzi yaitali ndi yokwana, zoona. Jambulani pa pepala bokosi looneka ngati sikirini ya foni nkulemba zimene zikhale pamwamba, munthu asanatsitse. Pamenepo pakhale dzina, chimene mumachita, kumene muli, ndi batani lija. Za alamu tinalemba kuti "Makeke a birthday, ukwati ndi chinkhoswe, Area 25, Lilongwe. Odani kutatsala masiku 3." Basi. Pansi pake zithunzi ndi mitengo, kenako mmene mungalipirire ndi za kubweretsa, kenako mawu a makasitomala awiri atatu, kenako mapu ndi nambala. Ma webusaiti ambiri a kuno amayamba ndi Welcome to our website, kenako Our Vision, Our Mission, Our Core Values, ndime zitatu za Chizungu chozama chokopera kwina, mtengo osapezeka paliponse. Zimenezo zisungireni proposal yopita ku banki kapena ku bungwe. Munthu wofuna keke ya mwana wake sanabwere kudzawerenga masomphenya anu.

Chilankhulo, lembani mmene makasitomala anu amalankhulira. Koma dziwani kuti anthu akamasaka pa Google ambiri amalemba Chizungu chosakaniza ndi dzina la dera, birthday cakes Lilongwe, tailor Limbe, lodge Nkhata Bay, ndiye mawu amenewo akhalepo pa mutu wa peji ndi mu ndime yoyamba, olembedwa ngati mawu enieni osati mkati mwa chithunzi. Ichi chimachitika kwambiri, munthu watenga flyer yake yonse nkuiika ngati chithunzi, kwa Google peji imeneyo ili ngati yopanda kanthu ndipo kasitomala sangakopere nambala. Kusakaniza Chichewa ndi Chizungu palibe vuto, ndi mmene timalankhulira kale.

Mitengo. Ndikudziwa pano tikangana. Chizolowezi chathu ndi inbox for price, ena amati opikisana nawo angaone, ena amati mtengo umatengera munthu wake. Koma opikisana nanu mtengo wanu amaudziwa kale, anatuma msuweni wawo kudzafunsa. Amene mukumubisira ndi kasitomala, ndipo ambiri amachita manyazi kufunsa kuopa kuti akamva mtengo nkulephera aoneka osauka, amangopita kwa amene walemba poyera. Vuto lenileni ndi loti mitengo kuno siikhazikika, mukukumbuka November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, shuga, mafuta ophikira, fulawa, zonse zinasintha sabata yomweyo. Ndiye lembani kuti kuyambira pa mtengo wakuti, muikenso mwezi umene mwasintha komaliza. Ndipo apa mpamene muyenera kuumirira kuti inuyo muzitha kusintha mtengo nokha pa foni yanu, osati kudikira mnyamata uja ayankhe foni nkukulipiritsaninso chifukwa chosintha manambala atatu.

Zithunzi zikhale zanu. Kutenga keke yokongola pa Pinterest nkuiika ngati yanu ndi kudziputira mkangano tsiku loperekera oda, komanso chithunzicho chili ndi mwini wake. Simukufunika kamera, pukutani ka galasi ka foni ndi nsalu, ikani katundu pafupi ndi windo mmawa, kumbuyo kukhale khoma loyera kapena nsalu yopanda maluwa, chotsani beseni ndi masilipasi zimene zikuoneka pakona. Ikaniponso chithunzi chimodzi cha inuyo muli pa ntchito, anthu anaberedwa kokwanira pa intaneti moti nkhope imathandiza.

Za malo, ife maadiresi athu ndi a kuseli kwa msika, moyang'anana ndi chigayo, mukhote pa mtengo wa mango, ndiye lembani choncho kumene chifukwa wa kabaza amamva zimenezo. Koma onjezerani Google Business Profile, ndi yaulere, ndi imene imapangitsa kuti bizinesi yanu izioneka pa Google Maps ndi nambala, maola ndi zithunzi, makasitomala nkumasiyapo ndemanga. Kunena zoona kwa mabizinesi ena monga saluni kapena garaja imeneyi imabweretsa anthu kuposa webusaiti yeniyeniyo, ndiye yambani nayo ngakhale lero. Ngati mumagwirira ntchito kunyumba ngati alamu ndipo simukufuna aliyense adziwe geti lanu, ili ndi njira yobisa adiresi nkungoonetsa madera amene mumafikako.

Tibwere pa dzina la webusaiti, lija munthu amalemba kuti aitsegule, limene amati domain. Likhale lalifupi, ndipo liyeseni chonchi, imbirani mnzanu mumuuze dzinalo kamodzi kokha nkumuuza alilembe. Akalakwitsa, dzinalo ndi lovuta. Pewani mizere yapakati, manambala ndi masipelo okometsera, komanso samalani ndi mawu okhala ndi l ndi r chifukwa tonse tikudziwa mmene timawasinthanitsira. Onaninso ngati dzina lomwelo silinatengedwe kale pa Facebook, Instagram ndi TikTok kuti likhale limodzi paliponse. Mutha kutenga .com, imene nthawi zambiri imakhala pakati pa madola 10 ndi 20 pa chaka, kapena .mw ya kwathu kuno imene imayendetsedwa ndi Malawi SDNP, ku Zambia kuli .zm. Zonse zimagwira ntchito, funsani mitengo ya zonse ziwiri, ndipo funsani mtengo wa chaka chachiwiri chifukwa ena amatchipitsa chaka choyamba chokha. Domain simugula kamodzi ngati njinga, ili ngati lendi, chaka ndi chaka mumalipira. Chimodzimodzi hosting, amene ndi malo pa kompyuta ya kampani ina pamene webusaiti yanu imakhala kuti izipezeka usana ndi usiku ngakhale kwanu magetsi atathima. Makampani akunja amafuna madola kudzera pa khadi ya ku banki, ndipo ndi mavuto a forex amene tikuwadziwawa khadi ikhoza kukana tsiku lomwe mukuifuna, ndiye ganizirani makampani a konkuno amene amalandira makwacha, kapena lipiriranitu zaka ziwiri pamene mwapeza mpata.

Apa ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine mwini, chifukwa ndi pamene ndinaphunzirira. Zaka zingapo zapitazo ndinali ndi ka bizinesi kosindikiza ma T-shirt, ndinapeza mnyamata wina waluso ndithu, anandipangira webusaiti yabwino, ndinalipira, tinasindikiza dzina la webusaitiyo pa makadi, pa chikwangwani, ngakhale pa ma T-shirt amene. Chimene sindinafunse ndi choti domain walembetsa mu dzina la ndani. Analembetsa pa imelo yake. Patatha chaka mnyamata anapita ku Joni, nambala inasintha, mameseji okumbutsa kulipira ankapita kwa iye, tsiku lina kasitomala anandiimbira kuti bwana webusaiti yanu ikuonetsa zinthu zachilendo. Dzina linali litapita, ndipo ndinalibe pepala lililonse loonetsa kuti linali langa. Sanandibere, anangopitiriza moyo wake, koma ine makadi onse aja anasanduka oyatsira mbaula. Ndiye chonde, tsegulani imelo ya bizinesi imene pasiwedi yake mukuidziwa inu nokha, domain ndi hosting zilembetsedwe pa imelo imeneyo ndi dzina lanu inu muli pomwepo mukuona, wopangayo mumupatse mpata wolowera kuti agwire ntchito koma makiyi akhale anu. Lembani ma pasiwedi mu kope limene mumasunga pamodzi ndi mapepala ofunika, osati pa foni pokha chifukwa foni imabedwa.

Mupange nokha kapena mulembe munthu? Ngati ndalama palibiretu, Google Sites ndi yaulere ndipo peji imodzi ngati imene tafotokozayi mutha kuimaliza Loweruka limodzi, siikhala yokongola kwambiri koma imagwira ntchito. Wix ndi yosavuta nayonso, koma yaulereyo imaika zotsatsa zawo ndipo dzina lanu limakhala lalitali, kuti muchotse zimenezo mulipire madola. Opanga ma webusaiti ambiri kuno amagwiritsa pulogalamu yotchedwa WordPress, inayamba 2003 ndipo ma webusaiti oposa 40 pa 100 aliwonse padziko amayendera yomweyo, ubwino wake ndi woti wopanga wanu akasowa mupeza wina woidziwa mosavuta. Kuipa kwake imafuna kusamalidwa, ma update, ma backup, ndipo ena amaika ma theme (maonekedwe okonzedwa kale) ndi ma plugin (timapulogalamu towonjezera) obedwa amene amabwera ndi ma virus, ndiye funsani kuti theme mwaitenga kuti. Zaulere nazo muzisamala nazo, Google inali ndi ma webusaiti aulere opangidwa kuchokera pa Business Profile, anthu ambiri ankadalira, mu March 2024 inangowatseka. Ndi chifukwa chake domain yanuyanu ili yofunika, nyumba ikagwa mumangosamutsa dzina kupita nalo kwina, komanso sungani zithunzi ndi mawu onse mu folder yanu.

Onetsetsani kuti adiresi ikuyamba ndi https. Kuyambira 2018 Chrome imalemba Not secure pa webusaiti imene ilibe, ndipo kasitomala akaona mawu amenewo amaganiza kuti ndinu akuba. Satifiketi ya chitetezo imene imapangitsa kuti pakhale https imapezeka ulere kudzera ku Let's Encrypt ndipo ma hosting ambiri amaiika okha, ndiye wina akakutchajani ndalama zambiri pa chimenechi mufunseni bwinobwino.

Mukasankha kulemba munthu, mupempheni ma linki a ma webusaiti atatu amene anapanga, muwatsegule pa foni yotchipa ija, ndipo ngati nkotheka muimbire mmodzi wa eni ake mufunse ngati munthuyu amayankha foni ntchito ikatha. Gwirizanani polemba, ngakhale pa WhatsApp pomwepo bola zilembedwe, mapeji angati, atha liti, mungasinthitse kangati osawonjezera ndalama, chaka chamawa mulipira zingati ndipo za chani, ndipo akuphunzitsani kusintha mitengo ndi zithunzi. Lipirani theka poyamba, theka linalo webusaiti ikayamba kugwira ntchito ndipo mwalowamo nokha ndi pasiwedi yanu. Koma nanunso musamuzunze mwana wa eni ake, ntchito zambiri zimachedwa chifukwa mwini bizinesi sanatumize zithunzi ndi mawu, amangoti lembani zilizonse mukudziwa kale inu. Sakudziwa. Bizinesi ndi yanu, mupatseni kope lija.

Zolipira musayambe ndi zovuta. Simukufunika shopu ya pa intaneti yokhala ndi ngolo yoikamo zogula (cart) ndi maakaunti a makasitomala pamene maoda anu ndi khumi pa sabata. Lembani kuti mumalandira Airtel Money, Mpamba ndi ku banki, ndipo mulembenso dzina limene lioneke munthu akamatumiza kuti asakayike. Ine ndimakonda kuti nambala yolipirira iperekedwe mu chat mutagwirizana kale, zimachepetsa chisokonezo cha ndalama zobwera osadziwa za oda iti. Ndipo musatulutse katundu chifukwa cha screenshot kapena meseji yotumiziridwa, yang'anani balansi yanu nokha, akamberembere amapanga mameseji ofanana ndendende ndi enieni. Bizinesi ikakula pali makampani monga PayChangu amene amalumikiza mobile money ndi makadi pa webusaiti, amadula kenakake pa malonda aliwonse, mudzaziona nthawi yake ikafika. Ngati muika fomu, funsani zokhazo zimene mukufunikiradi, dzina, nambala, tsiku la oda. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, komanso ndi ulemu chabe, musaike chithunzi cha mwana wa kasitomala kapena chat yake pa webusaiti musanapemphe.

Ikatha musaganize kuti anthu azingobwera okha. Ikani linki pa status, pa bio ya Facebook ndi TikTok, pa chikwangwani, pa malisiti, ilembetseni pa Google Search Console kuti Google iidziwe msanga ndipo muziona mawu amene anthu akukupezerani. Kasitomala watsopano aliyense muzimufunsa kuti munatidziwa bwanji nkulemba mu kope lomwe lija, pakatha miyezi itatu muona nokha ngati ikubweza ndalama zake. Alamu anasindikiza timasitika ta dzina la webusaiti ndi nambala nkumamata pa bokosi lililonse la keke, chifukwa pa phwando pamakhala anthu makumi angapo ndipo wina amafunsa ndithu kuti keke iyi mwagula kuti. Panopa munthu akafunsa zingati amangomuponyera linki nkupitiriza kusakaniza fulawa. Tsiku lolipira domain tinaliika pa kalendala ya foni yawo, ya amuna awo ndi yanga, ndipo mafoniwo amalira kutikumbutsa kutatsala mwezi wathunthu.